Alembi Omwe Chikomyunizimu Chidawagwiritsa Mwala

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 padatuluka mabuku ambiri, m'zinenero zosiyanasiyana, osimba nkhani ya mtundu umodzi: munthu alowa chipani cha chikomyunizimu ndi mtima wonse, achigwirira ntchito usana ndi usiku, kenaka chipani chomwecho chimutembenukira. Ena mwa mabukuwa ndi nthano zazitali, ena ndi mbiri ya moyo wa mlembi mwini. Chowasiyanitsa ndi mabuku ena odzudzula chikomyunizimu n'chakuti olemba ake ambiri adali eni nyumba. Adali anthu oyenda ndi khadi la chipani m'thumba, kapena ogwirizana nacho kwambiri, odziwa misonkhano yake ndi kayankhulidwe kake. N'chifukwa chake mutu waukulu m'mabukuwa ndi kuperekana, ndipo kuperekanako kumachokera mbali ziwiri. Chipani chimapereka membala wake, koma nthawi zambiri membalayo amakhala atapereka kale anzake m'dzina la chipanicho.

Chimene chidawakopa

Chiphunzitso cha Karl Marx ndi Friedrich Engels chidati mafakitale, migodi ndi minda zisakhale m'manja mwa olemera ochepa, zikhale za anthu onse, kuti pasapezekenso wodyera mnzake masuku pamutu. Mu 1917 chipani cha Vladimir Lenin chidalanda boma ku Russia, ndipo mu 1922 dziko la Soviet Union lidakhazikitsidwa. Kwa anthu ambiri akunja, kumeneko n'kumene malotowo adayamba kuoneka ndi maso.

Zochitika za m'maiko ena zidawonjezera chikokacho. Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, anthu mamiliyoni adachotsedwa ntchito. Ku Germany kokha ofuna ntchito adafika pafupifupi 6 miliyoni mu 1932. Chaka chotsatira Adolf Hitler adatenga boma. Makomyunisiti ndiwo ankaoneka olimba mtima polimbana naye, ndiponso ankadzudzula poyera utsamunda ndi tsankho la khungu pamene zipani zina zinkachita manyazi kutero. Mlembi wachinyamata wowawidwa mtima ndi umphawi ankapeza m'chipani yankho la funso lililonse, abale atsopano ndi ntchito yoti achite. Mtengo wake udali umodzi: kuvomera kuti chipani sichilakwa.

Mmodzi mwa oyamba kukana kulipira mtengowo adali André Gide wa ku France. Mu June 1936 boma la Soviet Union lidamuitana ngati mlendo wolemekezeka, ndipo adayankhula pa maliro a mlembi Maxim Gorky ku Moscow. Adamuyendetsa m'maphwando ndi m'mahotela apamwamba, koma iye ankaona mizere ya anthu pamasitolo, ndipo aliyense womufunsa maganizo ankangobwereza zomwe nyuzipepala ya Pravda yalemba. Atafika ku Gori, kwawo kwa Joseph Stalin, adafuna kutumizira mtsogoleriyo telegalamu yothokoza, koma adauzidwa kuti siingapite pokhapokha aonjezeremo mawu otamanda. M'buku lake la Retour de l'U.R.S.S., lomwe lidatuluka mu November chaka chomwecho, adaonetsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene ankamuombera m'manja dzulo lake adayamba kumutcha mdani wa anthu ogwira ntchito.

Funso la milandu ya ku Moscow

Kuyambira mu August 1936 mpaka March 1938 ku Moscow kudachitika milandu itatu ikuluikulu yozengedwa poyera. Oimbidwa milandu adali akuluakulu omwe adayambitsa boma pamodzi ndi Lenin, monga Grigory Zinoviev, Lev Kamenev ndi Nikolai Bukharin. Mmodzimmodzi adaimirira n'kuvomera kuti adachita ukazitape, kuwononga chuma cha dziko, kapena kukonza chiwembu chopha atsogoleri. Atatu onsewa adawomberedwa. Kuseri kwa bwalo lamilandu zinthu zidali zoopsa koposa: zolemba za apolisi achinsinsi zimaonetsa kuti anthu pafupifupi 680,000 adawomberedwa mu 1937 ndi 1938. Funso lomwe lidazunguza dziko lidali lakuti: amuna olimba chotere, omwe adapirira ndende za mfumu ya Russia, avomera bwanji milandu yabodza?

Arthur Koestler adayankha funsoli ndi nthano yaitali. Iye adabadwira ku Budapest mu 1905, adalowa chipani ku Germany kumapeto kwa 1931, ndipo adaona yekha njala ya ku Ukraine mu 1932 ndi 1933 koma adaipezera zifukwa zoikhululukira. Mu 1937 asilikali a Francisco Franco, yemwe ankamenya nkhondo yolanda boma la Spain, adamutsekera m'dzikomo, komwe adakhala miyezi ingapo akudikira kuphedwa. Adatuluka m'chipani mu 1938, ndipo buku lake la Darkness at Noon lidasindikizidwa ku London mu 1940.

Mwininkhani wake ndi Rubashov, mkulu wakale wa chipani yemwe wagwidwa usiku n'kuponyedwa m'chitokosi cha yekha. Akaidi amayankhulana pogogoda khoma, kuchuluka kwa kugogoda kuimira chilembo. Ali m'menemo, dzino likumuwawa, Rubashov akumbukira anthu atatu. Woyamba ndi Richard, mnyamata wotsogolera kagulu kachinsinsi m'dziko lolamulidwa ndi adani a chipani, yemwe Rubashov adamuchotsa m'chipani chifukwa cholemba zoona zakuti chipanicho chagonja, n'kumusiya m'manja mwa apolisi. Wachiwiri ndi Loewy, mtsogoleri wa ogwira ntchito padoko, amene adatsutsa lamulo loti atsitse katundu wa zombo za dziko la chipani wopita kwa adani, ndipo atachotsedwa adadzimangirira. Wachitatu ndi Arlova, mlembi wake wa mu ofesi komanso chibwenzi chake, yemwe Rubashov adamukana kuti adzipulumutse, ndipo adaphedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mfundo zomwe adaperekera anthu atatuwa, zakuti cholinga chabwino chimayeretsa njira iliyonse ndipo munthu mmodzi si kanthu poyerekeza ndi tsogolo la anthu onse, ndizo zomwe omufunsa mlandu akumukola nazo.

Omufunsawo ndi awiri. Ivanov, mnzake wakale wa kunkhondo, amakambirana naye mwaulemu atamubweretsera mowa, koma nayenso aphedwa mlandu usanathe. Gletkin, wa m'badwo watsopano wosadziwa china koma chipani, amamuwalitsira nyali yamphamvu m'maso ndi kumumana tulo usiku ndi usana. Pomaliza Rubashov avomera, atauzidwa kuti kudzinamizira ndiyo ntchito yotsiriza imene angachitire chipani. Asanamuwombere, ayamba kuzindikira kulemera kwa liwu lomwe chipani chidamuphunzitsa kulinyoza, liwu lakuti "ine".

Akatswiri a mbiri adaonetsa pambuyo pake kuti ambiri mwa ovomera milandu ankamenyedwa kapena kuopsezedwa kuti mabanja awo aphedwa, kotero yankho la Koestler likukhudza ochepa. Ngakhale zili choncho bukuli lidagunda mitima. Litamasuliridwa m'Chifalansa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, makope mazanamazana a masauzande adagulidwa pa nthawi imene chipani cha makomyunisiti chidali champhamvu kwambiri ku France.

Orwell ndi nthano ya ziweto

George Orwell sadalowepo chipani cha makomyunisiti, koma adali wa chisosholizimu. Kumapeto kwa 1936 adapita ku Spain kukamenyana ndi Franco, ndipo adalowa gulu la asilikali a chipani chaching'ono cha POUM, chotsatira Marx koma chosagonjera Stalin. Mu May 1937 chipolopolo chidamupyoza pakhosi. Akuchira, makomyunisiti omvera Moscow adachititsa kuti POUM iletsedwe poinamizira kuti ndi akazitape a Franco. Mtsogoleri wake Andreu Nin adagwidwa n'kuphedwa, anzake a Orwell ochokera kunkhondo adatsekeredwa, ndipo iye ndi mkazi wake adathawa mozemba. Atafika kwawo adapeza nyuzipepala zikufalitsa bodza lomwelo. Adalemba zomwe adaona m'buku la Homage to Catalonia mu 1938, koma lidagulidwa ndi anthu ochepa.

Zimene buku loona lidalephera, nthano idakwanitsa. Animal Farm imayenda ngati nthano za nyama zomwe mwana aliyense amazidziwa. Ziweto zipirikitsa mwini famu wankhanza, zigwirizana kuti zonse n'zofanana, ndipo zilemba malamulo asanu ndi awiri pakhoma. Nkhumba, pokhala zochenjera, zitenga utsogoleri. Choyamba kusowa ndi mkaka, kenaka maapozi. Napoleon athamangitsa mnzake Snowball ndi agalu omwe adawalera mobisa, monga Stalin adachitira ndi Leon Trotsky, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse cholakwika chimagwera wothawayo. Malamulo a pakhoma amasintha usiku, liwu limodzi kapena awiri, moti ziweto zimangodzikayikira kuti mwina zidaiwala. Tsiku lina zipeza Squealer, mneneri wa nkhumba, atagwa pa makwerero, chitini cha penti chitatayika pambali pake, koma pafupifupi zonse zilephera kumvetsa tanthauzo lake.

Kuperekedwa kowawa kwambiri ndi kwa Boxer, kavalo wamphamvu yemwe yankho lake pa vuto lililonse ndi kulimbikira ntchito ndi kukhulupirira mtsogoleri. Atagwa chifukwa chokoka miyala, nkhumba zilengeza kuti akupita kuchipatala. Bulu wokalamba Benjamin ndiye awerenga zolembedwa pa ngolo yomutenga: ndi ya munthu wopha akavalo. Patapita masiku Squealer asimba, misozi ili m'maso, mmene Boxer wamwalirira mwamtendere m'chipatala, ndipo nkhumba zipeza ndalama zogulira bokosi la mowa. Pothera pa nthano, nkhumba zikudya ndi kutchova juga ndi anthu, ndipo ziweto zosuzumira pawindo sizikuthanso kusiyanitsa nkhope.

Orwell adamaliza bukuli mu February 1944, Soviet Union ili bwenzi la Britain pa nkhondo yolimbana ndi Hitler. Makampani angapo osindikiza mabuku adalikana, kuphatikizapo Faber komwe wolikana adali mlakatuli T. S. Eliot, ndipo lidatuluka mu August 1945. M'buku lake lomaliza la Nineteen Eighty-Four, la 1949, kuperekana kulowa mpaka m'chikondi: Winston Smith, poopa makoswe omwe omuzunza amuyandikizira kumaso, apempha kuti chilangocho chigwere Julia, wokondedwa wake.

Umboni wa anthu asanu ndi mmodzi

Pangano la pa 23 August 1939, pomwe Stalin adagwirizana ndi Hitler kuti asamenyane, lidathamangitsa anthu ambiri omwe adalowa chipani ndi cholinga chimodzi cholimbana ndi Hitler yemweyo. Patatha zaka khumi phungu wa ku Britain, Richard Crossman, adasonkhanitsa umboni wa alembi asanu ndi mmodzi m'buku la The God That Failed, dzina lotanthauza mulungu amene adalephera. Iwo ndi Koestler, Gide, Ignazio Silone, Richard Wright, Louis Fischer ndi Stephen Spender. Dzinalo likuloza chinthu chopezeka m'mabuku ambiri a mtunduwu: kulowa chipani kumasimbidwa ngati kutembenuka mtima, ndipo kutulukamo ngati kuchotsedwa mu mpingo, pomwe abale a dzulo amakulambalala panjira.

Umboni wa Wright, mlembi wakuda wa ku America wobadwira ku Mississippi, ndi wosiyana ndi wa anzakewo. Iye adakopeka chifukwa ku Chicago makomyunisiti ndiwo adali azungu oyamba kumulandira ngati munthu. Posakhalitsa adayamba kumukayikira chifukwa chowerenga mabuku ambiri ndi kufuna kulemba mwa njira yake. Akusimba kuti pa perete wa tsiku la ogwira ntchito, azungu awiri a chipani adamunyamula n'kumuponya kunja kwa mzere, anzake akuda akungoyang'ana. Ralph Ellison adakulitsa nkhani yotereyi mu Invisible Man, ya 1952. M'menemo bungwe lotchedwa Brotherhood ligwiritsa ntchito mnyamata wakuda waluso poyankhula kuti likope anthu a ku Harlem, kenaka akuluakulu asintha mfundo n'kusiya anthuwo padzuwa, akunena kuti ena ayenera kukhala nsembe.

Olemba ali m'kati mwa mpanda

Alembi a kumadzulo ankataya abwenzi ndi mbiri yabwino. Okhala mu Soviet Union ankaika moyo pachiswe. Lydia Chukovskaya, yemwe mwamuna wake Matvei Bronstein, katswiri wa sayansi, adagwidwa mu 1937 n'kuphedwa, adalemba nthano ya Sofia Petrovna m'kope la sukulu m'nyengo yozizira ya 1939 mpaka 1940, zinthuzo zikadali zaziwisi. Mnzake wina ndiye adamubisira kopelo.

Sofia Petrovna ndi mayi wamasiye wotayipa makalata pa kampani yosindikiza mabuku ku Leningrad. Sadziwa zambiri za ndale. Amakhulupirira nyuzipepala ndipo amanyadira mwana wake Kolya, injiniya wachinyamata wokonda chipani yemwe chithunzi chake chidatuluka mu Pravda. Kolya atagwidwa, mayiyo ayamba moyo wa pamzere: usiku wonse panja pa ndende, m'chisanu, kudikira kawindo komwe wapolisi amayankha mawu awiri kapena atatu. Poyang'ana amayi anzake pamzerepo amawamvera chisoni pang'ono, koma mumtima amati awo ndi akazi ndi amayi a adani enieni, pomwe za mwana wake ndi kulakwitsa chabe komwe kukonzedwe. Auzidwa kuti Kolya wavomera mlandu ndipo walamulidwa zaka khumi. Ntchito imuthera, mnzake wapamtima adzipha, ndipo iye ayamba kuuza anansi kuti mwana wake watulutsidwa. Kenaka ifika kalata yozembetsedwa, momwe Kolya akuti adamenyedwa mpaka kugontha khutu asanasaine, ndipo akupempha mayi ake amudandaulire. Atachenjezedwa kuti kudandaula kungangokumbutsa boma za iye ndi mwanayo, Sofia Petrovna atentha kalatayo. Apa woperekedwa ndi wopereka ali munthu mmodzi, ndipo palibe amene wamugwira dzanja.

Yevgenia Ginzburg, mphunzitsi komanso membala wachipani wa ku Kazan, adagwidwa mu 1937 ndipo adatha zaka 18 m'ndende, m'misasa yachibalo ya ku Kolyma ndi mu ukapolo wa kutali ndi kwawo. Buku la moyo wake, lomwe lidatuluka kunja mu 1967, likuonetsa amayi a chipani omwe ali m'ndende momwemo ankalimbikirabe kuti Stalin sakudziwa zimene zikuchitika. Aleksandr Solzhenitsyn, kapitawo wa asilikali yemwe adagwidwa mu February 1945 chifukwa chonyoza Stalin m'makalata opita kwa mnzake, adajambula munthu wotere mu One Day in the Life of Ivan Denisovich. Buinovsky, mkulu wakale wa asilikali apamadzi, adzudzula alonda omwe akuvula akaidi m'chisanu kuti akuphwanya lamulo ndipo si makomyunisiti enieni. Mphotho yake ndi masiku khumi m'chitokosi chozizira. Nthanoyi idasindikizidwa m'magazini ya Novy Mir mu November 1962 mwa chilolezo cha mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev mwini. Vasily Grossman sadachite mwayi wotero. Mu February 1961 apolisi achinsinsi adalanda mapepala onse a nthano yake ya Life and Fate, yomwe idayerekeza ulamuliro wa Stalin ndi wa Hitler, ndipo iye adamwalira mu 1964 akuganiza kuti bukulo latayika. Kope lozembetsedwa lidasindikizidwa ku Switzerland mu 1980.

M'badwo wachiwiri

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maiko a kum'mawa kwa Ulaya adalowa mu ulamuliro wa makomyunisiti, ndipo ophunzira ambiri adaulandira ndi manja awiri. Czesław Miłosz, mlakatuli wa ku Poland yemwe ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe, adathawa mu 1951. M'buku la The Captive Mind, la 1953, adafotokoza za alembi anzake anayi, atawabisa maina, ndi mmene aliyense adadzinyengerera kuti agonje. Adalongosolanso luso lomwe adalitcha Ketman: kutamanda boma pakamwa uku mumtima ukudziona wochenjera kuposa omwe ukuwanamiza, mpaka chigoba chovalacho chimamatira kunkhope.

Chaka cha 1956 chidagwedeza otsala. Pa 25 February Khrushchev adaulula milandu ya Stalin pa msonkhano wachinsinsi wa chipani, ndipo mu November akasinja a Soviet Union adaphwanya kuukira kwa anthu a ku Hungary. Mmodzi mwa masauzande omwe adachoka m'chipani ku Britain adali Doris Lessing, yemwe adakulira pa famu ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Mu A Ripple from the Storm, ya 1958, akusimba za kagulu ka makomyunisiti a m'dziko la atsamunda lofanana ndi Southern Rhodesia, pafupifupi onse azungu, omwe amatha usiku akukangana za mfundo za Marx chonsecho anthu akuda omwe akuti akuwamenyera ufulu sawadziwa n'komwe. Mu The Golden Notebook, ya 1962, mwininkhani Anna Wulf ali ndi kope lofiira momwe amalembamo mmene mamembala amaseka chipani akakhala awiri koma n'kuchiteteza akakhala pagulu.

Milan Kundera wa ku Czechoslovakia adaonetsa kuti tsoka lingayambire pa kanthu kakang'ono. Mu The Joke, ya 1967, wophunzira wa pa yunivesite Ludvik Jahn atumizira mtsikana positikhadi yanthabwala yonyoza chisangalalo chokakamiza ndi kutamanda Trotsky. Pa msonkhano wotsogozedwa ndi mnzake Zemanek, ophunzira ndi aphunzitsi onse akweza manja kuti achotsedwe m'chipani ndi pa sukulu, ndipo atumizidwa ku migodi ya malasha ku Ostrava. Chithunzi cha manja okwezedwawo sichimuchoka. Patapita zaka zambiri afuna kubwezera ponyenga mkazi wa Zemanek, koma apeza kuti banjalo lidafa kale, ndipo Zemanek tsopano ndi mphunzitsi wokondedwa wolalikira zosintha zinthu. Palibenso wokumbukira cholakwacho. Akasinja a Soviet Union atalowa mu Prague mu August 1968 mabuku a Kundera adaletsedwa, ndipo mu 1975 adasamukira ku France.

Ku China ndi mu Africa

Nkhaniyi idabwerezedwa kulikonse komwe chipani cha mtunduwu chidalamulira. Ku China, mtsogoleri wa chipani Mao Zedong atamwalira, padabadwa gulu la zolemba lotchedwa la zipsera, kutengera nthano yaifupi ya Lu Xinhua ya 1978. M'nthanoyo mtsikana akana mayi ake omwe atchedwa ogalukira, akhala zaka zisanu ndi zinayi osawalembera, ndipo pomwe akubwerera kwawo atamva kuti mlanduwo udali wabodza, apeza atangomwalira.

Ku Ethiopia, Baalu Girma adali mkulu mu unduna wofalitsa nkhani wa boma la Mengistu Haile Mariam, ndipo adagwira nawo ntchito yofalitsa uthenga pa nkhondo ya ku Eritrea mu 1982. Nthano yake ya Oromay, ya 1983, yolembedwa m'Chiamhariki, idajambula akuluakulu a boma mosabisa kwenikweni. Bukulo lidaletsedwa msanga, iye adachotsedwa ntchito, ndipo mu February 1984 adasowa osapezekanso. Ku Angola, Pepetela, yemwe adamenya nkhondo ya ufulu m'chipani cha MPLA n'kudzakhala wachiwiri kwa nduna ya maphunziro, adalemba A Geração da Utopia mu 1992. Nthanoyi ikutsata ophunzira a ku Lisbon kuchokera mu 1961 kwa zaka makumi atatu: wokhulupirika kwambiri akathera yekhayekha m'mphepete mwa nyanja, wina asanduka nduna yolemera, ndipo pomaliza ndunayo igwirizana ndi anzake kuyambitsa mpingo wopangira ndalama. Ku Mozambique, komwe chipani cha Frelimo chidalengeza mu 1977 kuti chikutsata Marx ndi Lenin, anthu ambiri adatumizidwa ku misasa yowongolera khalidwe, yochuluka ili m'chigawo cha Niassa chomwe chimachita malire ndi Malawi. Ungulani Ba Ka Khosa adaika misasayo pakati pa nthano yake ya Entre as Memórias Silenciadas, ya 2013.

Zofanana m'mabukuwa ndi mmene adagwiritsidwira ntchito

Ngakhale adalembedwa m'maiko otalikirana, mabukuwa amabwerera ku zinthu zochepa. Choyamba ndi kubedwa kwa mawu: ufulu, ubale ndi chilungamo zimatchulidwabe koma zitapatsidwa tanthauzo lina. Chachiwiri ndi kusinthidwa kwa mbiri, pomwe ngwazi ya dzulo imafufutidwa m'zithunzi ndi m'mabuku. Chachitatu ndi mwambo wovomera kulakwa pagulu, umene umadetsa onse okhalapo chifukwa aliyense wakweza dzanja. Chachinayi ndi kuchedwa kuchoka. Ampangankhani ambiri amaona zoipa msanga, koma amadziuza kuti kunja kwa chipani kuli adani oipa koposa, ndiponso amaopa kuvomera kuti zaka zawo zabwino zidapita pachabe.

Pa nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union mabukuwa adasanduka zida. Boma la Britain lidathandiza mobisa kumasulira Animal Farm m'zinenero zambiri, ndipo bungwe la akazitape la America la CIA lidaika ndalama mu kanema wa zojambula wa 1954, momwe mapeto adasinthidwa kuti ziweto zigwetse nkhumba. Bungwe la Congress for Cultural Freedom, lomwe Koestler adathandiza kukhazikitsa ku Berlin mu 1950, lidapezeka mu 1966 ndi 1967 kuti linkalandira ndalama za CIA. Bungwe lomwelo ndilo lidalipirira msonkhano wa alembi a mu Africa ku Makerere, ku Uganda, mu 1962. Izi zidapatsa otsutsa mpata wonena kuti alembiwa ndi ogulidwa. Komabe iwo sadalowere njira imodzi. Orwell adamwalira mu 1950 akadali wa chisosholizimu, atanena kuti cholinga chake n'kuchiyeretsa pochilekanitsa ndi bodza la Soviet Union. Wright adasamukira ku Paris n'kuika mtima pa ufulu wa maiko a atsamunda. Solzhenitsyn adabwerera ku Chikhristu cha makolo ake, ndipo atathamangitsidwa kwawo mu 1974 adadzudzulanso maiko a kumadzulo.

Ambiri mwa mabukuwa adafika kwa eni nkhani mochedwa, pa nthawi ya utsogoleri wa Mikhail Gorbachev ku Soviet Union. Mu February 1988 bwalo lalikulu la Soviet Union lidafafaniza mlandu wa Bukharin, patatha zaka 50 chiwomberedwere. Chaka chomwecho magazini a m'dzikomo adasindikiza Life and Fate, Darkness at Noon ndi Sofia Petrovna, ndipo mu 1989 adatulutsa Nineteen Eighty-Four ndi zigawo za The Gulag Archipelago ya Solzhenitsyn. Grossman, Koestler ndi Orwell adali atamwalira kale. Chukovskaya adali moyo, ali ndi zaka 80, ndipo adaona nthano ya m'kope lake la sukulu ikuwerengedwa poyera ku Leningrad patatha zaka 48 chiilembere.